Malo a Che Nasoro pa Sowo

Che Nasoro ndinawadziwa chifukwa cha sowo yawo. Ine ndine wonola masowo, ndimakhala ku Chikamveka, ndipo ocheka matabwa a ku Phiri la Zomba akhala akubwera pakhonde panga kuyambira kale. Ambiri amasiya sowo n'kumapita. Che Nasoro ayi. Ankakhala pa njerwa n'kumayang'ana tupa ikuyenda dzino ndi dzino, ndipo ndikafuna kulumpha limodzi ankatsokomola. Sindinawaonepo akudwala kufikira chaka cha 2014, pamene matenda amene sitinkawadziwa ndi dzina lomwe anawatsitsa pa nsanja. Ndalemba zimene ndinaona ndi zimene ndinafunsa. Pamene sindikudziwa, ndanena kuti sindikudziwa.

Bambo awo anachokera ku Mozambiki, koma iwo anabadwira cha ku Malosa. Ku Zomba anafika zipani zambiri zitangoyamba, nayamba ganyu yosenza matabwa pamutu kuchokera m'nkhalango ya paini kutsikira m'tauni. Mjomba wawo anali wocheka, ndipo atakalamba anawasiyira sowo yaitali kuposa munthu. Anakwatira a Kulusumu, namanga kanyumba ku Zakazaka. Chuma chawo chinali chomwecho: nyumba, sowo ndi mikono.

Amene sanaonepo kucheka kwa manja amve kaye. Chipika amachikweza pa nsanja ya mitengo, pansi pake pali dzenje. Amachimenya mizere ndi chingwe choviika m'makala. Munthu mmodzi amaima pamwamba pa chipikacho, wina m'dzenje. Wapamwamba amakweza sowo ndi kuiyendetsa mumzere. Wapansi amaikokera pansi, ndipo utuchi wonse umagwera iye kumaso. Anthu awiriwa sangotolana pamsewu. Mikono iyenera kumvana, kapumidwe kayenera kumvana, ndipo zimenezi zimatenga nthawi. Kucheka kwenikweni ndi kwa m'chilimwe. Munthu akagona chilimwe chonse, mnzake amafuna wina, ndipo mkono ukazolowera wina subwerera msanga. Ocheka amaopa zimenezi kuposa njoka.

Wapansi wa Che Nasoro anali a Justus, Mlomwe wa ku Mayaka, munthu wamfupi ndi wolongolola. Che Nasoro anali amtali, osalankhulalankhula. Lachisanu masana sowo inkapuma chifukwa cha mzikiti, Lamlungu inkapuma chifukwa cha tchalitchi, ndipo sindinamvepo akukangana za izo. Ankakangana za utuchi.

"Ine ndadya utuchi wodzaza lole," a Justus ankatero pakhonde panga. "Inu mukupitidwa mphepo pamwambapo ngati bwana DC."

"Mukadakula msinkhu tikadakukwezani," ankayankha Che Nasoro, maso ali pa tupa.

Anacheka limodzi zaka pafupifupi makumi awiri. Kuphiriko kuli lamulo limene palibe analikhazikitsa koma aliyense amalidziwa. Thabwa likayambika, palibe amanena kuti watopa. Kupuma kumabwera thabwa likagwa. Woyamba kupempha kupuma pakati pa mzere amatchedwa mlendo, ndipo dzinalo limamukanirira mpaka mvula igwe. Pa nsanja ya awiriwa dzinalo linali lisanaterepo.

Mvula ikutha chaka chimenecho, kunabwera uthenga woti mkulu wawo wa Che Nasoro wamwalira ku Nampula. Anapita kudzera ku Nayuchi, nakhalako mpaka sadaka itachitika. Anabwerako anzawo akukonza nsanja. Asanakwere phiri n'komwe, thupi linatentha. A Kulusumu amati mwamunayo ankabuula ngati akumuthyola mafupa, mutu unkapwetekera kuseri kwa maso, ndipo pambuyo pake panatuluka totupa tofiira pachifuwa ndi m'mikono. Ku kachipatala kapafupi anawabaya chala nati malungo mulibe. Anawapatsa panado, nawauza kuti azimwa madzi ambiri ndi kubwereranso ngati zasintha.

Che Nasoro sanakhulupirire. Kwa ife kutentha thupi kulikonse ndi malungo. Anamwa mankhwala a malungo amene anatsala kwa oyandikana nawo nyumba, ndipo sabata itatha kutenthako kunazizira kokha. Iwo anati mankhwala aja agwira.

A Justus anapita kukawaona. Pofuna kuwaseketsa anawauza za a Douglas, wocheka wapamwamba wamphamvu zake, amene mnzake anapita ku Joni atagulitsa sowo yawo.

"Achimwene, chirani msanga. A Douglas akundizungulira ngati ntchentche. Dzulo anandigulira mbatata yootcha, inu simunandigulirepo."

A Justus ankaseka. Che Nasoro sanaseke.

Pano ndinene za chizolowezi china cha kuphiri. Ife timati zotsalira za malungo zimatuluka ndi thukuta. Kutentha kukatha, munthu sagona. Amakwera phiri, amagwira ntchito yolimba, malaya anyowe, ndipo madzulo ake amati thupi lapepuka. Ocheka, osenza matabwa, amayi otola nkhuni, onse amatero. Ambiri amaoneka kuti achiradi, choncho palibe amafunsa ngati lawachiza ndi thukutalo kapena akadachira ndithu. Che Nasoro atatenga sowo m'mawa mwake, palibe mwamuna wa kuphiri akadawaletsa. Anawaletsa ndi akazi awo okha.

"Bambo, mwangochokera kuseri kwa nyumba apa, koma mukupuma ngati akuthamangitsani agalu. Phiri mukwera bwanji?"

"Ndi zotsalira. Zikatulukira komweko."

Zimene zinachitika kumtundako anandiuza ndi a Justus, ndipo ocheka ena awiri amene ndinawafunsa padera ananena zofanana. Panjira Che Nasoro anaima kangapo, akunamizira kumanga nsapato. Nsanja yawo inali kumtunda kwa damu la Mulunguzi, pafupi ndi nsanja zina. A Douglas anali pomwepo, atakhala pa chitsa. Thabwa loyamba linagwa bwino. Pa lachiwiri a Justus anamva zachilendo m'mikono. Sowo inkakwera, kenako n'kuchedwa, kenako n'kukwera mothamanga, ngati wapamwambayo ndi munthu wina.

"Che Nasoro, ndi gule wanji ameneyu?"

"Kokani."

Anakoka. Utuchi unawatseka maso, koma atatukula mutu anaona nkhope ya mnzawoyo yatuwa ngati phulusa, kukamwa kuli yasa. Anadziwa kuti munthuyo afera pa chipika koma osapempha kupuma a Douglas akuona. Ndiye a Justus anasiya chogwirira, nafuula kuti nsanja zonse zimve.

"Ndatopa ine! Ndati ndatopa! Tipume!"

Nkhalango yonse inaseka. Wina anayamba kale kuitana kuti mlendo, mlendo. Kusekako kunatha pamene Che Nasoro anakhala pansi pa chipikacho, natsetsereka chammbali. Amene anawawakha asanamenye mutu anali a Douglas. Anawatsitsira kuchipatala pa lole ya matabwa.

Ine ndinakawaona kuchipatala chachikulu atagonako masiku angapo. Mapazi anali atatupa, ndipo sankatha kugona chagada. Ankawasamalira dokotala wa kumpoto, a Chiukepo, munthu wofatsa. Iwo ndiwo anafunsa funso limene palibe anali atafunsa, loti kodi wodwalayu anayendako kunja. Atamva za Nampula, za mafupa, za maso ndi za totupa tija, anati akukayikira kuti ndi matenda otchedwa dengi, amene anamveka kumeneko miyezi imeneyo. Magazi anawatumiza kwina, ndipo yankho litabwera linavomereza.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade folo, koma chinthu chikandizunguza ndimafunsa. Ndinawaimitsa a Chiukepo pakhonde la wodi.

"Adokotala, pepani. Dengi ameneyu si malungo omwewa dzina lachizungu?"

"Ayi madala. Onse amabwera ndi udzudzu, koma udzudzu wake ndi wosiyana, kachilombo kakenso n'kosiyana. Wa dengi ndi wakuda, uli ndi mizere yoyera m'miyendo, ndipo umakonda kuluma masana. Mankhwala a malungo sachita kanthu pa dengi."

"Chabwino. Udzudzu waluma mwendo. Mtima walowapo bwanji?"

Anakunga chibakera n'kumachitsegula, kuchitseka. "Mtima ndi mnofu, madala, ngati wa mkonowu. Kachilomboko kamayenda m'magazi. Kwa anthu ambiri thupi limakagonjetsa, n'kuthera pomwepo. Kwa ochepa mnofu wa mtima umatupa. Ukatupa umafinya mofooka, nthawi zina umaphonya kugunda. Ndiye madzi amatsalira m'mapapo ndi m'mapazi."

"Koma kutentha kunali kutatha."

"Pamenepo ndi pamene anthu amapusitsika. Kutentha kukamatha ndi nthawi yofunika kusamala kwambiri. Mkono wotupa mumaumanga n'kuupumitsa. Mtima sungaime. Kuupumitsa kwake n'kusauwonjezera ntchito."

Ndinawauza za thukuta. Sanaseke. Ndinafunsa ngati Che Nasoro akadakhala bwino akadapanda kukwera phiri.

"Sindinganene motsimikiza. Kutupako kukadakhalapo ndithu. Koma kukwerako kunauzunza mtima pa nthawi yoipa."

"Nanga pa maliro paja panali anthu ambiri. Bwanji iwo okha?"

"Chimenecho sindikudziwa, madala. Ngakhale otiphunzitsa sakudziwa bwino."

Ndinawalemekeza chifukwa cha yankho limenelo. Nditafika kunyumba ndinakasuzumira m'tayala lakale kuseri kwa bafa, momwe munali madzi a mvula. Ndinadikira masana, ndipo pa mwendo panga panatera kaudzudzu kakuda ka mizere yoyera. Zaka zonsezi ndinali ndisanayang'anepo miyendo ya udzudzu. Ndinakagwira m'kabotolo n'kupita nako kwa a Chiukepo. Ulendo uno anaseka. Anati mtundu wake ndi womwewo, koma ngati sikanalume munthu wa dengi ndi kaudzudzu chabe. Anati ndikatayebe madziwo. Ndinataya, tayalalo ndinaliboola.

Che Nasoro anatuluka ndi mapiritsi ndi lamulo loti miyezi ingapo asanyamule kanthu, asakwere chitunda, mchere achepetse. Sowo anaipaka oyilo n'kuikoleka kudenga, pamwamba pa mphasa yawo. Malinga ngati sowoyo inali m'nyumbamo, malo awo analipo, chifukwa a Justus analibe sowo ndipo a Douglas analibenso. Koma a Justus anali ndi ana asukulu. Anabwerera ku ganyu yosenza matabwa pamutu, ntchito imene anaisiya ali ndi tsitsi lakuda, ndipo paliponse ankadutsa ankawaitana mlendo. Sowo sanaipemphe. Che Nasoro nawo sanaitchule. Lamlungu madzulo ankakhala pakhonde ku Zakazaka n'kumakamba za mpira ndi za chisankho, sowo ili pamwamba pa mitu yawo kuseri kwa khoma.

Juni anadutsa, Julayi anadutsa. Mapazi anaphwa, ndipo Che Nasoro anayamba kuyenda mpaka kumsika. Tsiku lina a Kulusumu anabwera kwanga okha.

"A Stephano, munthu uja wayamba kuitsitsa sowo ija n'kumaipukuta. Akuti mwezi wamawa akwera. Ine ndaona maliro. Chonde, akabwera nayo kuno muwauze kuti yatha mano, siinganoledwenso. Inu akukhulupirirani."

"Mayi, andikhulupirira chifukwa sindinawanamizepo. Sowo ija ili ndi moyo kuposa tonsefe."

"Ndiye afe chifukwa cha chilungamo chanucho?"

Funsolo linali lolemera ndipo sindinalipeputse. Ndinati bodza la sowo lingowachititsa kukabwereka ina. Ndinati tsiku lawo lokaonedwanso likafika tipite tonse atatu, funso tikalifunse poyera, yankho alimve ndi makutu awo. Anachoka osatsanzika, koma tsikulo litafika anatuma mwana kudzandiitana.

Anatilowetsa m'kachipinda ka makina. Che Nasoro anagona chammbali, a Chiukepo anawapaka mafuta ozizira pachifuwa n'kuyendetsapo kachipangizo. Pa galasi panaoneka chinthu chotuwa chikutakataka. Ine ndapha mbuzi zambiri ndipo mtima ndimaudziwa, koma ndinali ndisanauonepo ukugwira ntchito mwini wake ali maso. Muli tizipinda, muli titseko timene timatseguka ndi kutsekeka. Ndinaiwala chimene tinabwerera. Che Nasoro anapotoza khosi.

"Ndi wanga umenewu?"

"Ndi wanu, bambo."

Anauyang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira tupa. "Ukukoka, koma sukumaliza," anatero.

"Mwaona bwino. Kuphonya kuja kwasiya, imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma watsala wokulirapo, ndipo sukufinya mokwanira. Kwa ambiri umabwerera mwakale. Wanu wabwerera theka."

A Kulusumu anandiyang'ana. Ndinafunsa ine. "Adokotala, nenani mosabisa. Munthuyu angachekenso?"

"Kuyenda ayende. Ntchito zopepuka agwire. Mapiritsi asasiye. Koma sowo ayi."

"Chaka chino chokha?" anafunsa Che Nasoro.

"Mwina ungalimbeko pang'ono. Koma ndikakuuzani kuti dikirani chaka chamawa mudzacheka, ndikhala ndikukulonjezani chimene sindikuchiona pagalasipa."

Ine ndinkaopa kuti Che Nasoro akwerabe phiri, chifukwa anthu a kuphiri mawu a dokotala amawamva ngati mawu a wailesi. Panapita masabata awiri kapena atatu ndisanamve kanthu. Kenako kunabwera uthenga woti ndipite ku Zakazaka ndi tupa.

Ndinapeza sowo ili pa benchi panja. A Justus analipo, a Douglas analiponso, atavula chipewa. A Kulusumu anaima pakhomo, manja atapinda. Ndinayamba kunola. Che Nasoro anatsokomola kamodzi, ndinabwerera pa dzinolo. Nditamaliza anayesa mano ndi chala, nayamba.

"Ndinayesa. Ndinainyamula mbandakucha, akazi angawa ali kumjigo, kuti ndione ngati ndingafike nayo pamsewu waukulu. Ndinakhala pansi pa golosale ya a Dora. Adokotala aja sananame." Anatembenukira kwa a Justus. "Mvula isanagwe kwatsala miyezi iwiri. Mwasenza matabwa mokwanira."

A Douglas anakonza pakhosi.

"Ndiisamala, Che Nasoro. Mzere wanga mumaudziwa, sukhota."

"Mzere wanu ndi wabwino. Koma inu mulowa m'dzenje. Pamwamba pakwera a Justus."

"Ine?" a Justus analumpha. "Achimwene, matendawa afika kumutu? Ine mzere sindinauonepo kuchokera kumwamba. Ndimauona utuchi utandilowa m'maso."

"Ndiye mukauone."

"Msinkhu uja munkanena uja?"

"Muzikaimirira ndi zala."

A Douglas anadandaula kuti iwo ndi wapamwamba kuyambira kale, ndipo ndi kutalika kwawo mutu uzigunda chipika. Che Nasoro anati khasu lilipo, dzenje alikumbe lakuya. Anati sowo ndi yawo, malowo ndi awo, ndipo awapereka kwa munthu amene anawasungira. Ngati a Douglas sakufuna, wapansi wina apezeka. A Douglas anazunguza chipewa m'manja, kenako anati dzenjelo akumba okha, chifukwa la a Justus ndi la mbewa.

A Kulusumu analola chinthu chimodzi, kuti amuna awo azipita kuphiri pa lole, osati kuyenda pansi, ndipo ntchito yawo ikhale kumenya mizere ndi kuyang'anira. Tsiku loyamba ndinapita nawo, chifukwa ndinkafuna kuona ngati munthu amene wakoka sowo zaka makumi awiri angathe kuikweza. A Justus anakwera pa chipika chokwawa, akutchula oyera mtima. Ocheka a nsanja zina anasiya ntchito kudzaonerera mlendo ali pamwamba. Che Nasoro anakhala pa chitsa, chingwe cha makala chili m'manja.

"Kumanzere! Musayang'ane mapazi, yang'anani mzere. A Douglas, musamukoke munthuyo, mugwa naye."

Thabwalo linatenga nthawi ya matabwa atatu. Litagwa, mbali ina linali lonenepa, mbali ina lopyapyala, pakati litakhota ngati msewu wokwerera phirilo. A Douglas anatuluka m'dzenje akulavula utuchi. A Justus anaima pamwamba, mano onse ali pamtunda.

"Achimwene, kunotu kuli mphepo yabwino! Zaka zonsezi osandiuza?"

Che Nasoro ananyamuka pang'onopang'ono, nayang'ana thabwalo uku ndi uku.

"Ili likhala la khola la nkhuku," anatero. "Yambani lina."